Zisankho za chipulula ku America si zamakedzana

Nyengo ya makonivenshoni ikakwana kuno kwathu, dandaulo limakhala lomwelo: nthumwi zochepa zisankhiranji anthu miyandamiyanda woimira chipani pa upulezidenti, pamene ku America mavoti a anthu wamba ndiwo akhala akugamula kuyambira kalekale? Mawu oti "kalekale" ndi amene ine sindikuwavomera.

M'zaka zoyambirira za dzikolo, aphungu a chipani ankangokumana okhaokha n'kutchula dzina. Zimenezi zinatha mu 1824. Msonkhano woyamba wa nthumwi unachitikira ku Baltimore mu 1831, koma nkhani zenizeni zinkathera kuseri, akuluakulu a chipani atadzitsekera m'chipinda. Zisankho za chipulula zitayamba m'zigawo zina kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, zinkangoonetsa amene akukondedwa. Mawu omaliza anali a akuluakulu aja.

Zinthu zinatembenuka mu 1968. Nkhondo ya ku Vietnam inali itagawa chipani cha Democratic, ndipo pa 31 Malichi Pulezidenti Lyndon Johnson analengeza kuti sadzaimanso. Eugene McCarthy ndi Robert Kennedy, onse otsutsa nkhondoyo, anayenda chigawo ndi chigawo kupempha mavoti. Mu Juni, usiku umene anapambana ku California, Kennedy anawomberedwa ku Los Angeles, ndipo anamwalira. Nthumwi zitakumana ku Chicago mu Ogasiti zinasankha Hubert Humphrey, wachiwiri kwa pulezidenti, amene sanapikisane nawo pachipulula n'chimodzi chomwe. Panja achinyamata anali pazionetsero, utsi wokhetsa misozi uli tolotolo, dziko lonse likuonera pakanema. Tangoganizani mtima wa munthu amene anavota, anayenda khomo ndi khomo, kenako n'kuona kuti voti yake inalibe ntchito. Mu Novembala chipanicho chinagonja kwa Richard Nixon.

Manyazi amenewa ndiwo anabala komiti ya George McGovern ndi Donald Fraser, imene inalamula kuti nthumwi zizisankhidwa poyera. Zigawo zambiri zinatengera chipulula, ndipo a Republican nawo analowa momwemo. Mu 1976 Jimmy Carter, mlimi wa mtedza amene anakhalapo bwanamkubwa wa Georgia, anakhalira kuchita kampeni m'chigawo cha Iowa mpaka dzina lake linamveka, mapeto ake n'kutenga mpando.

Chimene chinalakwika, m'kuona kwanga, n'chakuti mphamvu itachoka kwa akuluakulu a chipani sinafike yonse kwa ovota. Ina inakathera m'manja mwa eni ndalama. Kampeni imayamba chaka chathunthu voti yoyamba isanaponyedwe, ndipo wosowa zolipirira ndege ndi mauthenga apakanema amagwa zigawo zambiri zisanavote n'komwe.

Nthumwi nazo sizinathe mphamvu. Joe Biden atachoka pampikisano pa 21 Julaye 2024, atapambana kale chipulula, nthumwi ndizo zinasankha Kamala Harris kuti aimire chipani cha Democratic.