Inshuwalansi ya zaumoyo

Inshuwalansi ndi mawu obwereka ku Chingerezi, otanthauza thumba limene anthu amasonkhamo ndalama zinthu zidakali bwino kuti lidzawathandize tsoka likagwa. Ya zaumoyo imalipira chipatala munthu akadwala. Ku Zambia thumbali limayendetsedwa ndi bungwe la NHIMA, motsatira lamulo la 2018. Wapantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, womulemba ntchito n'kuikapo inanso 1 peresenti. Wosalembedwa ntchito, monga wogulitsa tomato ku komboni ya Marapodi, amadzilembetsa yekha.

Mwana amathandizidwa pa dzina la womulera kufikira zaka 18. Apa ndiye povuta kwa wokulira kunyumba ya ana amasiye kapena m'banja la eni, chifukwa ambiri amachoka alibe ntchito yokhazikika. Omulera amuthandize kutenga chitupa chomuzindikiritsa cha NRC ndi kulembetsa ku NHIMA m'dzina lake asanatuluke pakhomopo.