Malamulo a Malo, Madzi ndi Nyama Zakutchire m'Midzi ya Malawi

Malamulo a malo, madzi ndi nyama zakutchire ndi amene Nyumba ya Malamulo ya Malawi inakhazikitsa pofuna kunena mwini nthaka, amene angapatutse madzi a mumtsinje, ndi chimene munthu angatenge m'nkhalango. Sali m'buku limodzi ayi. Akuluakulu mwa iwo ndi lamulo la nkhalango ndi la usodzi, onse a 1997, lamulo la madzi la 2013, malamulo a malo a 2016, lamulo la chilengedwe la 2017, ndi lamulo la malo osungirako nyama la 1992 lomwe linakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017. Pamwamba pa onsewa pali malamulo oyendetsera dziko a 1994, omwe amati nthaka yonse ili m'manja mwa dziko la Malawi ndipo amalamula boma kusamala chilengedwe poganizira ndi mibadwo yam'tsogolo yomwe.

Ku likulu, lamulo lililonse lili ndi nthambi yake ya boma, ofesi yake ndi galimoto zake. Kumudzi onsewa amakumana pa dimba limodzi. Nthaka ya dimbalo inagawidwa ndi nyakwawa, madzi othirira mpiru akuchokera mumtsinje womwe lamulo limati ngwa dziko, mitengo yotchingira inadulidwa m'phiri, ndipo usiku mvuu imabwera kudzadya chimanga chachiwisi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Mu 1966 anthu anali ongopitirira 4 miliyoni, pa nthaka yomweyi.

Chiyambi chake

Malamulo amtunduwu anabwera ndi atsamunda, ndipo anabwera ndi mbiri yoipa. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston anapereka zikalata zaumwini kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu, makamaka ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba. Anthu amene anapezeka pa malowo anayamba kugwira thangata kuti asathamangitsidwe. Nkhalango zikuluzikulu, monga ya phiri la Mulanje mu 1927, zinatsekedwa, ndipo alenje amene makolo awo ankapita ku uzimba chaka ndi chaka anasanduka olakwa.

Chimene chinapweteka anthu ambiri ndi malimidwe. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, makamaka pa nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby, boma linalamula kuti aliyense alime mizere yopingasa, aunde milambala, azule mapesi a thonje pa tsiku loikika ndiponso asalime m'mphepete mwa mtsinje. Zina mwa izi zinali zanzeru ndithu, ndipo alangizi a zaulimi akuphunzitsabe zomwezo mpaka lero. Vuto linali njira yake: wolephera ankalipira faindi, kuzulidwa mbewu kapena kutsekeredwa. Mu 1953 Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a ulimiwa pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo boma linaichotsa pa mpando. Chiyambire nthawi imeneyo, lamulo losamala nthaka limafika kumudzi anthu ali kale ndi chikayiko.

Malo

Lamulo la malo la 1965 linagawa nthaka patatu: malo a boma, malo a munthu payekha, ndi malo a makolo omwe mafumu ankayang'anira. Linapatsanso nduna mphamvu yotenga malo a makolo n'kuwapereka pa liizi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti a fodya anachuluka motero ku Kasungu, Mchinji, Dowa ndi madera ena. Malo akapita pa liizi, kawirikawiri sankabwereranso kwa mfumu. Kumadzulo kwa Lilongwe kokha ndi kumene boma linayesa kulembetsa minda ya mabanja, m'dongosolo lotchedwa ndunda, potsatira malamulo a 1967.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, komiti yofufuza za malo inakhazikitsidwa mu 1996, ndondomeko ya dziko ya malo inatuluka mu 2002, koma malamulo enieni anadikira mpaka 2016. Zaka 14 zimenezo zikusonyeza kutentha kwa nkhaniyi. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola munthu, banja kapena gulu kulembetsa munda wake n'kulandira chikalata. Ntchitoyi ili m'manja mwa komiti ya malo ya m'dera la gulupu. Gulupuyo ndiye wapampando, ndipo anthu amasankha ena 6, mwa iwo osachepera atatu akhale amayi. Milandu ya malo imayambira ku bwalo lomwe mfumu yaikulu imatsogolera, kenako ku bwalo la paboma, n'kumakwera motero. Kulembetsa kunayamba kuyesedwa m'midzi ina ya ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi.

Mafumu ambiri anakana, ponena kuti mfumu yopanda malo ndi dzina chabe. Panali funso linanso lomwe silinamveke kwambiri pa wailesi koma ndi lovuta koposa: chikalata chilembedwe dzina la yani? Kumene kuli chikamwini, munda ndi wa mbumba, mwamuna ndi mkamwini wongobwera, ndipo mawu omaliza ali ndi mwinimbumba, malume a ana. Kumpoto ndi kuchigwa cha Shire, kumene mkazi amapita kwa mwamuna, wamasiye ndiye amene angathamangitsidwe maliro akangotha. Pepala limodzi lingateteze mayi wotere, koma lingathenso kupatsa wachibale mmodzi wochenjera munda umene unali wa mtundu wonse. Mu 2022 aphungu anakonzanso malamulowa, ndipo mwa zina anakhwimitsa njira zoti anthu omwe si nzika apezere malo.

Madambo, manda, dambwe ndi malo odyetsera ziweto sayenera kukhala a munthu mmodzi. Apa ndi pamene lamulo la malo limagundana mapewa ndi la madzi, chifukwa dambo likalimidwa lonse, mtsinje wa kumunsi umauma msanga m'chilimwe.

Madzi ndi mitengo

Lamulo la madzi la 2013 linalowa m'malo mwa la 1969 ndipo linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority. Mfundo yake ndi yakuti madzi onse, a m'nyanja, m'mitsinje ndi a pansi pa nthaka, ndi a dziko. Wotunga madzi akumwa, ophikira, ochapira ndi omwetsa ziweto zapakhomo safuna chilolezo. Wofuna kutseka mtsinje, kumanga damu, kupopa madzi ambiri a ulimi wamthirira kapena kutayira zonyansa za fakitale m'madzi ayenera kutenga laisensi, ndipo makampani okumba mijigo ayenera kulembetsa. Lamuloli limaperekanso mwayi wokhazikitsa makomiti osamala madera amene mitsinje imachokera.

Kulima m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje n'koletsedwa, monga momwe kunalili pa nthawi ya malimidwe, ndipo ndi lamulo lomwe limaphwanyidwa poyera tsiku lililonse. Banja lomwe chimanga cha kumunda chimatha mu Okutobala silingasiye dimba chifukwa cha lamulo lomwe silinaliwerengepo. Zotsatira zake zimaoneka kutali: dothi lokokoloka limatsikira mu Shire, kumene kuli malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo matope pamodzi ndi namasupuni zimatseka makina. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130.

N'chifukwa chake lamulo la nkhalango tingaliwerenge ngati lamulo la madzi. Mtsinje wa Lilongwe, womwe umadzaza madamu awiri a Kamuzu, umachokera ku Dzalanyama, ndipo mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo kwa owotcha makala. Lamulo la 1997 linalola midzi kukhala ndi nkhalango zake pansi pa makomiti a zachilengedwe, ndipo linaletsa kuwotcha kapena kugulitsa makala a mitengo yachilengedwe popanda chilolezo. Litakonzedwa mu 2020, zilango zinakwera kwambiri ndipo magalimoto onyamula makala anayamba kulandidwa. Komabe mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Womangidwa ndi mnyamata wokankha njinga ya matumba atatu kuchokera ku Neno kapena Mwanza, pamene mbaula yomwe ikudikira makalawo ili m'tauni, nthawi zina m'nyumba ya munthu wodziwa bwino lamulolo.

Pa usodzi, lamulo linachita kutsatira anthu. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mfumu Makanjira ndi nduna zake akhala akutseka usodzi nthawi ya dzinja kuyambira cha m'ma 1950, ndipo mowa, juga ndi chamba siziloledwa pachilumbapo. Utaka wa ku Mbenji ukadalipo. Ku nyanja ya Malombe chambo chinachepa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kumeneko ndi kumene makomiti a m'madoko anayambira mu 1993, lamulo la 1997 lisanawavomereze dziko lonse. Makomitiwa ali ndi mphamvu yothandiza kulanda maukonde oletsedwa, kuphatikizapo maneti a udzudzu omwe amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Nyanja ya Chilwa, yomwe inauma mu 1968 ndi mu 1995, inalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar, ndipo dambo la Elephant Marsh linatsatira mu 2017.

Nyama zakutchire

Malawi ali ndi mapaki asanu: Nyika, Kasungu, Lengwe, Liwonde ndi Lake Malawi, komanso malo anayi osungirako nyama: Majete, Mwabvi, Nkhotakota ndi Vwaza. Ambiri mwa malowa munali midzi. Pamene paki ya Nyika inkakuzidwa mu 1978, Aphoka anasamutsidwa n'kusiya manda a makolo awo m'kati. Lamulo la 1992 linati nyama zakutchire zotetezedwa zili m'manja mwa boma. Kusintha kwa 2004 kunatsegula khomo loti midzi yozungulira ichite mapangano ndi nthambi ya zanyama, monga kuloledwa kumweta udzu, kuika ming'oma ya njuchi, kutola bowa kapena matondo pa nyengo yake, ndi kulandirako gawo la ndalama za alendo. Bungwe la midzi yozungulira Nyika ndi Vwaza ndi limodzi mwa akale pa ntchitoyi.

Kusintha kwa 2017 kunali kwa mtundu wina. Malawi anali atatchuka ngati njira yodutsira minyanga ya njovu, ndipo ogwidwa ankangolipira faindi yochepa n'kumapita. Tsopano wopezeka ndi mnyanga wa njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka angakhale kundende mpaka zaka 30, popanda mwayi wa faindi. Mu 2021 khoti la ku Lilongwe linalamula Lin Yunhua, nzika ya China, kukhala kundende zaka 14 pa mlandu wokhudza nyanga za chipembere. Ngaka, yomwe kale ikapezeka inkaperekedwa kwa mfumu, lero yatsekeretsa anthu ambiri akumudzi amene ananamizidwa kuti ili ndi msika wa mamiliyoni.

Lamulo limalolanso boma kupereka paki kwa bungwe lina kuti liyendetse. African Parks inatenga Majete mu 2003, njovu ndi zipembere zitatheratu kumeneko, ndipo inabwezeretsa zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006 ndi mikango mu 2012. Mu 2015 inatenganso Liwonde ndi Nkhotakota. Ku Nkhotakota njovu zinali zitatsika kuchoka pa 1,500 kufika pa zosakwana 100, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Ku Liwonde anamanga mpanda wamagetsi ndi kuchotsa makhwekhwe zikwizikwi. Pa kuchuluka kwa nyama, palibe angatsutse kuti zinatheka.

Nyama zikachuluka, zimafuna kodya. Mu 2022 njovu 263 zinachotsedwa ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu, mpanda usanathe kuzungulira. M'miyezi yotsatira, anthu anaphedwa ndi njovu m'midzi ya m'malire a pakiyo, kuno ndi kutsidya ku Zambia, ndipo minda ndi nkhokwe zinawonongeka. Kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, ng'ona ndi mvuu zimapha kapena kulumaza asodzi ndi amayi otunga madzi chaka chilichonse. Lamulo limalola munthu kudziteteza moyo wake ukakhala pa chiswe, ndipo alonda a nthambi ya zanyama angathamangitse kapena kuwombera nyama yovutitsa, koma wopha nyama yotetezedwa ayenera kukanena msanga ndipo nyamayo imakhala ya boma. Pa chipukuta misozi lamulo silikakamiza boma kulipira. Banja lofedwa limalandira chipepeso, nthawi zina bokosi ndi ufa wa pamaliro, malinga ndi mtima wa oyendetsa pakiyo, ndipo mwini munda wodyedwa ndi njovu amalembetsa dzina lake kwa alonda n'kubwerera kukabzalanso ngati mvula ikadalipo.