Makina Obowolera Miyala ndi Chiyambi cha Malamulo Oteteza Antchito m'Migodi ya Witwatersrand

Makina a mphamvu ya mpweya ndi zida zimene zimayendetsedwa ndi mpweya wopanikizidwa, umene umachokera mu kompuresa n'kudutsa m'mapaipi mpaka kukakankha chitsulo chogogoda thanthwe kambirimbiri pa mphindi imodzi. Zidazi zinatchuka poboola mapiri kuti pansi pake padutse njanji, makamaka ku Mont Cenis, pakati pa France ndi Italy, kumene Germain Sommeiller anayamba kuzigwiritsa ntchito mu 1861. Golide atapezeka ku Witwatersrand, ku South Africa, mu 1886, eni migodi sanachedwe kuitanitsa makinawa, pakuti miyala ya kumeneko ndi yolimba kwambiri, ndipo munthu wobowola ndi nyundo ndi chitsulo ankatha tsiku lonse pa una umodzi wothiramo wonga.

Liwiro limene makinawa anabweretsa linadza ndi tsoka lake. Miyala ya golide ya kumeneko ili ndi silika wochuluka, ndipo ikabowoledwa youma imatulutsa fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limene limakhazikika m'mapapo n'kuwaumitsa pang'onopang'ono. Nthenda imeneyi, imene lero imatchedwa silikosisi, ilibe mankhwala, ndiponso imatsegulira njira chifuwa chachikulu. Oyamba kudziwika kuti akutha nayo anali amisiri ochokera ku Cornwall ku England, amene ambiri a iwo ankabwerera kwawo akubanika n'kumwalira asanafike zaka 40. Nkhondo ya ku South Africa ya 1899 mpaka 1902 itatha, boma la Transvaal linakhazikitsa komiti yofufuza za imfazi, ndipo komitiyo inatsimikiza kuti gwero lake linali fumbi.

Njira yochepetsera fumbilo inali itayamba kale kuoneka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, J. George Leyner wa ku Denver anapanga makina okhala ndi chitsulo cha mphako, chimene pambuyo pake chinkadutsitsa madzi mpaka kunsonga, kotero kuti fumbi linkasanduka matope lisanauluke. M'zaka zotsatira, malamulo a migodi analetsa kubowola mouma, analamula kuthira madzi pamalo pamene paphulitsidwa wonga, ndiponso anakakamiza eni migodi kulowetsa mpweya wabwino pansi. Malamulo a 1911 ndi 1912 anachititsa South Africa kukhala dziko loyamba kupereka chipukuta misozi kwa odwala nthendayi, ndipo mu 1930 bungwe la ILO linachititsa msonkhano woyamba wa mayiko wokambirana za silikosisi ku Johannesburg.

Komabe chitetezocho sichinagawidwe mofanana. Makina opepuka onyamula m'manja atafala, amene ankawagwira tsiku ndi tsiku anali anthu akuda olembedwa pa mgwirizano wa miyezi yowerengeka, kuphatikizapo amuna a ku Nyasaland amene ankatengedwa ndi bungwe lolemba antchito a m'migodi la Wenela. Mzungu wodwala ankayezedwa kawirikawiri n'kulandira ndalama zomuthandiza iye ndi banja lake, pamene wakuda nthawi zambiri ankangobwezedwa kumudzi, kumene nthendayo inkakulira kutali ndi madokotala a kumgodi ndipo imfa yake sinkalembedwa m'kaundula aliyense. Pofika mu 1974, pamene ndege yonyamula ogwira ntchito inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, zimene zinachititsa Dr. Kamuzu Banda kuimitsa kulemba anthu opita ku Joni, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa.

Fumbi silinali vuto lokhalo. Mu 1911 dokotala wa ku Italy, Giovanni Loriga, anafotokoza za zala zimene zimayera ndi kuchita dzanzi chifukwa cha kunjenjemera kwa zida za mpweya, ndipo mu 1918 Alice Hamilton anapeza vuto lomweli pakati pa osema miyala a ku Bedford, m'chigawo cha Indiana. Phokoso la makina obowolera, limene limapitirira madesibelo 100 pamene malire ovomerezeka m'mayiko ambiri ndi 85, linagonthetsa anthu osawerengeka, ndipo paipi ya mpweya ikaduka pamfundo imakwapula aliyense amene ali pafupi. Pa zifukwa zimenezi ndi pamene panachokera malangizo amene lero amaoneka ngati wamba: kuvala zotseka m'makutu ndi magalasi oteteza maso, kutseka mpweya n'kutulutsa wotsalira musanamasule chida, kumangirira mfundo za mapaipi, kusinthana ntchito kuti manja apume, ndi kusapemerera zovala kapena khungu ndi mpweya wopanikizidwa.

Ku South Africa, lamulo loona za umoyo ndi chitetezo m'migodi la 1996, limene linatsatira kafukufuku wa komiti ya Leon, linapatsa wantchito ufulu wochoka pamalo pamene waona kuti m'poopsa. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa marandi 5 biliyoni pakati pa makampani asanu ndi imodzi a golide ndi antchito odwala silikosisi kapena chifuwa chachikulu, ndipo ndalamazo zimaperekedwa kudzera m'bungwe la Tshiamiso Trust kwa amene anagwira ntchito kuyambira mu 1965, kuphatikizapo ochokera m'mayiko oyandikana. Chipukuta misozi chimenechi chinafika patapita zaka zoposa 100 chidziwikireni kuti madzi ndi mpweya wabwino ndiwo amateteza mapapo a wobowola miyala.