Kafukufuku wa maselo a stem cell pa matenda oiwalaiwala

BULAWAYO – M'makomboni akale a mzinda uno, monga Mabutweni, muli okalamba amene anachoka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafakitale ndi kunjanji. Msinkhu wawo ndi umene matenda oiwalaiwala, otchedwa dementia, amakonda kugwira. Wodwala amaiwala mayina a ana ake, amasochera pafupi ndi kwawo, ndipo ena amanamiziridwa ufiti.

Malingana ndi bungwe la zaumoyo la WHO, mu 2021 odwalawa analipo 57 miliyoni padziko lonse, ndipo oposa 60 mwa 100 aliwonse anali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Ambiri amadwala mtundu wa Alzheimer, umene umapha maselo a muubongo pang'onopang'ono.

Kwa zaka zambiri ofufuza ankasowa pogwira chifukwa sangadule ubongo wa munthu wamoyo kuti auyeze. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Kyoto University anabweza maselo a mbewa kukhala stem cell, kutanthauza maselo osakhwima amene angathe kusanduka a chiwalo chilichonse. Mu 2007 anachita chimodzimodzi ndi maselo a khungu la munthu, ndipo mu 2012 analandira mphoto ya Nobel.

Tsopano akatswiri amatenga kakhungu kapena magazi a wodwala n'kukulitsa maselo a ubongo mu labotale. Mu 2014 ofufuza a ku Massachusetts General Hospital anaona mapuloteni a amyloid ndi tau, amene amawononga ubongo, akuunjikana m'maselo okulitsidwa m'mbale. Mankhwala ena atsopano amayamba ayesedwa pa maselo otere asanafike kwa anthu.

Komabe maselo ambiri osungidwa m'malabotale ndi a azungu. Kafukufuku woyerekeza okalamba a ku Ibadan ndi a ku Indianapolis anapeza kuti jini ya APOE4, imene imawonjezera chiopsezo cha Alzheimer, ilibe mphamvu yofanana pakati pa Ayoruba. Choncho zopezeka kunja sizingagwire ntchito mu Africa popanda kuziyesanso.

Palibe chithandizo cha stem cell chimene chatsimikizidwa kuti chimachiza dementia, choncho mabanja asamale ndi otsatsa chithandizo chotere. Chofunika n'kupita ndi okalamba kuchipatala msanga, pakuti kuiwala kwina kumadza ndi HIV kapena kuchepa kwa vitamini B12, zomwe zili ndi mankhwala. Mu Bulawayo odwala matenda a maganizo amatumizidwa ku Ingutsheni Central Hospital.