Njinga Yamoto Yakale ndi Mbiri ya Zitsulo pa Gombe la Mangochi

Omvera amene anayendapo m'boma la Mangochi, kuyambira pa tauni penipeni mpaka ku Malindi, ku Namwera kapena ku Monkey Bay, angakumbukire chinthu china chimene chimaoneka kuseri kwa nyumba zina: njinga yamoto yakufa, imene akuluakulu amaitcha mthuthuthu, itatsamira khoma, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Mnyamata wina akaiona njinga yotere mtima umamudyokoka, naigula pa mtengo wochepa kuti akaikonze yekha pakhonde, chinkana sanaphunzirepo umakaniko. Ena zimawayendera, koma ena amatsala ndi mulu wa zitsulo pamodzi ndi ngongole. Kusiyana kumeneku sikuchokera pa mwaŵi. Kumachokera m'mbiri ya njingayo, ndiponso m'phunziro lina limene anthu a pagombe lomweli analilandira kalekale, njinga zamoto zisanafike.

M'chaka cha 1891 Harry Johnston anamanga linga m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pafupi ndi mudzi wa Mfumu Mponda, ndipo malowo anatchedwa Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi. Posakhalitsa linasanduka doko lalikulu la kummwera kwa nyanja. Koma mathithi a m'Shire saloleza chombo kuchokera kunyanja yamchere kudzafika kuno chili chathunthu. Motero chitsulo chilichonse chachikulu chinkabwera chili zidutswazidutswa pamitu ya amtengatenga, n'kudzalumikizidwa pagombe. Sitima yankhondo ya Guendolen, imene mfuti yake anaiika pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, inalumikizidwa motero ndi kuloŵa m'madzi mu 1899. Ngakhale Ilala, yopangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland, anailumikizira ku Monkey Bay isanayambe maulendo ake mu 1951.

Koma nkhani imene wokonza njinga aliyense ayenera kuimva ndi ya sitima ya Chauncy Maples. Amishoni a U.M.C.A. anaitcha dzina la bishopu wawo amene anamira m'nyanja mu 1895. Inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan mu 1899, ndipo kenaka inamasulidwa kukhala zidutswa 3,481. Chimgolo chake choŵiritsira madzi, cholemera matani 11, sichikanatheka kugaŵidwa. Anachikweza pa ngolo ya magudumu achitsulo, ndipo Angoni 450 anachikoka pamtunda kulambalala mathithi. Amisiri a ku Glasgow sanali opusa: chidutswa chilichonse anachidinda nambala kuti olumikiza asadzasokonezeke. Cholakwa chinali chimodzi. Atadinda manambalawo, anaviika zitsulozo m'zinki yoteteza dzimbiri, ndipo zinkiyo inakwirira manambala aja. Zidutswa zinafika kwa Mponda zili zoŵala bwino koma zosalankhula. Amisiri anayamba kuyesa ichi ndi icho, kufanizira maboo ndi maboo, kufikira sitimayo inaloŵa m'madzi pa 6 June 1901, patapita zaka ziŵiri.

Mnyamata amene akumasula injini yake yoyamba ali pa ngozi yomweyo. Kumasula n'kokoma ndipo kumatha masana amodzi. Kubwezera ndiko kumafuna chikumbumtima chimene munthu alibe pakapita milungu itatu akudikira ndalama zogulira mphete za pisitoni. Mabawuti amene amaoneka ofanana amasiyana kutalika, ndipo lalitali likaloŵa pa malo a lalifupi limaboola chivundikiro cha injini. Amisiri odziŵa amajambula chivundikirocho pa katoni, nabaya bawuti lililonse pa malo ake pa chithunzicho. Ena amaika tizitsulo ta mbali iliyonse m'chitini chakechake ndi kulembapo dzina. Lero lamya ya m'manja imajambula chinthu chisanamasulidwe, mwaŵi umene amisiri a kwa Mponda akanaulipira ndi ng'ombe.

Luso la zitsulo silinathere pa tsiku loloŵetsa sitimayo m'madzi. Ku Malindi, tsidya la kum'maŵa kwa nyanja, amishoniwo anakhazikitsa nyumba yokonzera makina a sitima zawo, ndipo kumeneko anyamata a m'midzi yozungulira anaphunzira kusula, kupala ndi kulumikiza zitsulo. Choncho pamene njinga yamoto inkafika m'boma limeneli, inapeza anthu oidziŵa kale sipanala.

Njinga yamoto yoyamba kupangidwa yambiri ndi kugulitsidwa inali ya Hildebrand & Wolfmüller ku Germany mu 1894. M'dziko la Nyasaland inayamba kuoneka m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, makamaka kwa amishoni, atsamunda a m'maboma ndi eni minda, pakuti inkadutsa m'tinjira mmene galimoto silikanapita, ndipo pang'onopang'ono inaloŵa m'malo mwa machila. Kwa munthu wamba inali chinthu chongoonerera. Amuna a ku Mangochi obwerera ku Halale ndi ku Joni ankabwera ndi njinga yakapalasa, makina osokera kapena galamafoni. Wobwera ndi mthuthuthu ankatchuka dera lonse.

Njinga za nthaŵi ya atsamunda zinali za ku Britain: BSA, Triumph, Matchless, Norton ndi zina. Yotchuka mwa zing'onozing'ono inali BSA Bantam, imene inapangidwa ku Birmingham kuyambira 1948 mpaka 1971. Mbiri yake njodabwitsa, pakuti sinali nzeru ya Angerezi. Inali DKW RT 125 ya Ajeremani, imene mapulani ake anatengedwa monga chipukutamisozi nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha. Ngakhale njinga yoyamba ya Yamaha, ya mu 1955, inatsanzira DKW yomweyo. Injini yake ndi ya mtundu wosakaniza oyilo ndi petulo m'thanki, yopanda mavavu, ya ziŵalo zochepa kwambiri kotero kuti wophunzira angaimvetse msanga.

Komabe amene wapeza njinga ya ku Britain m'nkhokwe ya agogo ake adziŵe zinthu ziŵiri asanaikhudze. Choyamba, manati ndi mabawuti ake ndi a miyezo ya mainchesi, yochokera ku muyezo umene Joseph Whitworth anaukhazikitsa mu 1841, pamene masipanala a m'misika ya lero ndi a mamilimita. Sipanala ya mamilimita imaoneka ngati yagwira, koma munthu akakoka ndi mphamvu imadya ngodya za nati mpaka kukhala yobulungira; ndipo bawuti la mamilimita likakakamizidwa m'boo la mainchesi limapha mazinga amene sadzabweranso. Chachiŵiri, makampani amene anazipanga anagwa. Kampani ya Matchless ndi AJS inalephera mu 1966, ndipo BSA inatha mu 1973. Zipangizo zake zimapezeka kwa ogulitsa zakale kunja kwa dziko lino, pa mtengo woŵaŵa. Njinga yotere njoyenera munthu wodekha amene akufuna kusunga mbiri. Wofuna kuti ayambe kunyamula nsomba kupita nazo ku msika mwezi wamaŵa idzamuliza.

Amene anagwetsa Angerezi ndi Ajapani. Honda inatulutsa Super Cub mu 1958, ndipo pofika 2017 inali itapanga zokwana 100 miliyoni, kuposa galimoto kapena njinga yamoto ina iliyonse. Koma yofunika koposa pa nkhani ino ndi CG125. Mu 1974 akatswiri a Honda anayendera maiko angapo a ku Asia kukaona chifukwa chake njinga zawo zinkafa msanga. Anapeza kuti anthu sankasintha oyilo kufikira atada ndi kulimba, ankanyamula katundu woposa muyezo, ndipo ankapita kwa makaniko pokhapokha njinga itaima. M'malo modzudzula ogula, anapanga injini yopirira nkhanza zoterozo, yokhala ndi timindodo tachitsulo tokankha mavavu ndi sefa ya mpweya yochapika. Inatuluka mu 1975. Yamaha nayo inali itatulutsa AG100 mu 1973, yopangira alimi a ku Australia ndi New Zealand, ya tcheni chotsekeredwa kuti fumbi lisachidye. Dziko la Malaŵi litalandira ufulu, njinga za ku Japan ndizo zinanyamula alangizi a zaulimi, a zaumoyo, oyendera sukulu ndi abusa m'misewu yafumbi ya ku Makanjira ndi Katuli. Zikakalamba zinkagulitsidwa pa okushoni, ndipo zambiri mwa zimene zagona kuseri kwa nyumba lero zinachokera kumeneko.

Kenaka m'zaka za m'ma 2010 kunadza kabaza wa njinga zamoto. Njinga zotchipa za ku China ndi ku India zinasefukira, zambiri zoloŵera ku Mozambique, ndipo boma la Mangochi, limene lili ndi chipata cha Chiponde choyang'anizana ndi Mandimba, linali pakhomo penipeni. Tsono apa ndi pamene mbiri imamukomera wophunzira. Injini zambiri za ku China zinatsanzira CG125 ija, kotero kuti mwini Honda yakale angathe kupeza pisitoni, gasiketi, kabuleta kapena mbale za kilatchi zofanana nazo pa kauntala ya pamsika. Sikuti zonse zimaloŵana ndendende ayi. Wanzeru amanyamula chitsulo chakalecho m'thumba kukafanizira asanapereke ndalama. Ndipo zotchipitsitsa zimatha msanga, kotero kuti kaŵirikaŵiri chitsulo choyambirira cha ku Japan chikatsukidwa bwino chimaposa chatsopano chonyezimira.

Nanga njinga imene yagona zaka khumi m'nyengo yotentha ya kunyanja imakhala itadwala chiyani? Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu kuti ilire: mafuta osakanizika bwino ndi mpweya, moto wa pa pulagi, ndi mphamvu ya pisitoni yopanikiza. Mmisiri weniweni amayesa zitatuzi chimodzichimodzi asanamasule kanthu, ndipo nthaŵi zambiri amapeza kuti mtima wa injini uli bwino, vuto lili m'thanki ndi m'kabuleta. Pali chifukwa cha kwathu kuno. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'Malaŵi amasakanizidwa ndi mafuta ameneŵa. Nzeru imeneyi inapulumutsa ndalama zakunja, koma ethanol amakoka chinyontho, ndipo akakhala nthaŵi yaitali m'thanki yachitsulo amabala dzimbiri. Amafeŵetsanso mapaipi a mphira a njinga zakale. Petulo wouma amasiya utomoni umene umatseka timaboo ta m'kabuleta, tina tochepa ngati diso la singano. Timaboo timeneti timatsukidwa ndi kuuzira mpweya. Wozitokosa ndi waya amazikulitsa, ndipo njinga imayamba kumwa mafuta ngati chidakwa.

Pisitoni ikakakamira, hamala ndi mdani. Amisiri amachotsa pulagi, nathira palafini kapena dizilo pabooyo, nadikira masiku angapo, akumagwedeza tayala lakumbuyo njinga ili m'giya kufikira pisitoniyo itasuntha yokha. Ndiponso ntchito yonseyi siyenera kuchitikira pa dothi. Mchenga wa ku Mangochi, umene alendo amauyamikira ku Nkopola, ukaloŵa m'injini yotseguka umapala zitsulo ngati tupa. Mphasa, thumba loyera kapena chitseko chakale zikwanira. Petulo asayandikire mbaula kapena koloboyi, ndipo injini isalizidwe m'chipinda chotseka, chifukwa utsi wake umapha mwakachetechete.

Pali chinthu china chimene achinyamata amachiika kumapeto pamene chiyenera kukhala poyamba. Injini ikalira koyamba, mudzi wonse umasonkhana, ndipo mwini wake amafuna kukwera pomwepo. Koma tayala logona zaka zambiri limakhala long'aluka ngakhale mapanga ake akuoneka akuya, waya wa buleki umadyeka m'kati mmene diso siliona, ndipo masipoko amamasuka. Msewu wochokera ku Namwera kutsikira ku Mangochi uli ndi mitsetse ndi makona okhota kwambiri, ndipo munthu sayesera mabuleki ake kumeneko. Zipatala za m'dziko muno zakhala zikudandaula za kuchuluka kwa ovulala pa njinga zamoto chiyambire kabaza. Ndalama zoyamba zipite ku mabuleki, matayala, nyali ndi chisoti, penti adikire.

Chimodzimodzinso mapepala. Njinga iliyonse ili ndi nambala yodindidwa pa thupi lake ndi ina pa injini, ndipo manambala ameneŵa ayenera kugwirizana ndi a m'buku la umwini. Ngati apalidwa, kapena wogulitsa akuzemba kulemba kalata ya malonda pamaso pa mboni, wogulayo angathe kutaya miyezi isanu ndi umodzi akukonza katundu wakuba, amene apolisi adzamulanda pa tsiku loyamba kutuluka naye. Popenta, asakwirire manambalawo monga anachitira amisiri a ku Glasgow.

Ndipo asanamasule bawuti loyamba, aŵerengere mtengo wa ntchito yonse, pakuti ngakhale mabungwe aakulu amakhumudwa pamenepa. Chauncy Maples ija inatumikira amishoni zaka zoposa makumi asanu, kenaka inagulitsidwa mu 1953, ndipo pambuyo pake inanyamula anthu ndi katundu kufikira inatopa. Cha m'ma 2009 anthu akufuna kwabwino a ku Britain ndi a kuno anayamba kusonkhanitsa ndalama kuti aikonzenso ikhale chipatala choyandama cha midzi ya m'mbali mwa nyanja. Anaikweza pa doko la Monkey Bay, namasula zam'kati mwake, nayamba kusintha zitsulo zodyeka. Mtengo unakula kuposa mmene anayembekezera, ndipo ntchitoyo inasiyidwa isanathe.