Chaka Chimene Tinasiya Kolorokwini

Anzanga amene tinaphunzira limodzi, mukukumbukira kuti tikadwala malungo pasukulu pathu paja mankhwala anali amodzi okha: kolorokwini. Anali owawa, ndipo ena a ife tinkachezera kudzikanda usiku wonse, koma tinkachira. Ndafuna kukufotokozerani m'mene mankhwala amenewa anathera mphamvu m'dziko muno, popeza ndinali mmodzi wa anyamata amene anaziona ndi maso.

Nditatsiriza Folomu 4 ndi maphunziro a ntchito ya m'labotale, ndinalembedwa ntchito m'gulu lofufuza za malungo m'mbali mwa nyanja. Kumeneko kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mbiri yoti tizirombo ta malungo tayamba kupirira kolorokwini inali itamveka ku Kenya ndi ku Tanzania cha m'ma 1978, ndipo pasanapite zaka zambiri vutoli linafika kuno. Funso la Unduna wa za Umoyo linali lakuti: kodi lafika pati?

Yankho lake linali m'magazi a ana. Mwana wosakwana zaka 5 akabwera ndi malungo, tinkamubaya pachala, kupaka dontho la magazi pakagalasi, kuliumitsa, kulinyika mu utoto wa Giemsa ndi kuŵerenga tizirombo pa maikulosikopu. Mankhwala ankamwa ife tikupenya. Kenaka tinkamulondola kumudzi panjinga, tsiku la 3, la 7 ndi la 14, kukatenganso dontho lina. Sizinali zapafupi. Amayi ankafunsa kuti, "Magazi a mwana wangaŵa mukupita nawo kuti?" Tinaphunzira kuyamba taonana ndi amfumu, ndiponso kuwalola amayiwo kusuzumira okha pamakina.

Chimene chinkatipweteka mtima ndi ichi: kutentha thupi kunkatha, mayi n'kunena kuti mwana wachira, koma pagalasi tizirombo tilipobe, tikudya magazi ake mwakachetechete. Sindidzaiŵala mtsikana wina wa zaka ziŵiri. Tsiku la 7 tinamupeza akuseŵera pakhonde, koma zikhatho zake zili mbee! Tinathamanga naye kuchipatala ndipo anapulumuka. Kumudzi wina tinachedwa chifukwa cha mtsinje wosefukira, ndipo tinafikira pamaliro.

Zimene magulu ngati lathu anapeza m'zipatala zosiyanasiyana zinafika ku Lilongwe. M'chaka cha 1993 Malaŵi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini ndi kuika SP, amene ambiri timamudziŵa kuti Fansidar, kukhala mankhwala oyamba a malungo. Anthu anadandaula kuti mankhwala atsopanowo akuchedwa kuziziritsa thupi, koma Boma silinabwerere m'mbuyo.

Chodabwitsa chinadza pambuyo pake. M'chaka cha 2005 ofufuza anayesanso kolorokwini pa ana ku Ndirande, ndipo anachiza pafupifupi ana 99 mwa 100 alionse. Tizirombo topirira tija tinali titazimirira chifukwa mankhwalawo sankapezekanso. Komabe sanawabwezeretse, pakuti m'maiko oyandikana nafe tizirombo totere tinali tidakalipo, ndipo udzudzu sudziŵa malire. SP nayenso atafooka, m'chaka cha 2007 kunabwera LA. Mu 2019 Malaŵi, pamodzi ndi Ghana ndi Kenya, anayamba kupereka kwa ana katemera woyamba wa malungo.

Pa zonsezi dzina langa silinalembedwe paliponse, ndipo sindidandaula. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mtolo wathu unali timagalasi. Maikulosikopu ndinayamba kuigwira m'labotale ya pasukulu pathu, tikuyang'ana khungu la anyezi, anthu asanu ndi atatu pa makina amodzi. N'chifukwa chake ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wapachaka tikambirane zogulirako sukulu yathu makina ena. Tizirombo sitinasiye kusintha, ndipo padzafunika ana ena odziŵa kutiŵerenga.