Bogi yamatabwa ya Gresley: thabwali adalidula kuti?

Agogo anga aamuna adali kalipentala, ndipo adali ndi chizolowezi chomwe chinkatiseketsa tili ana. Akalowa m'nyumba ya munthu ankayamba asisita mpando asanaukhalire, kenako n'kufunsa kuti, "Thabwa ili ndi la mtengo wanji, nanga adalidula kuti?" Funsoli lidandibwerera mwezi watha ndikuonera kanema wa sitima yakale yomwe imanyamulabe alendo panjanji ya North Yorkshire Moors ku England. Mabogi ake ndi amatabwa, ofiirira ngati uchi, owala ngati kabati yapabalaza. Wofotokoza m'kanemayo ankangotama kukongola kwake. Ine ndidafuna kudziwa ziwiri: adawapanga bwanji, nanga mitengoyo idachokera kuti?

Mwini mapulani a mabogiwa ndi Nigel Gresley. Ambiri amamudziwa chifukwa cha injini zake zotchuka, Flying Scotsman ndi Mallard, koma asanafike pa injini adali munthu wa mabogi. Mu 1905 kampani ya Great Northern Railway idamuika kukhala woyang'anira mabogi ku Doncaster. Makampani anjanji ataphatikizidwa mu 1923, iye adakhala injiniya wamkulu wa kampani yatsopano ya LNER, ndipo kapangidwe kake ka bogi kadafalikira panjanji yonse yochokera ku London kupita ku Scotland kudzera chakum'mawa. Ambiri mwa mabogiwa ankapangidwa ku Doncaster ndi ku York.

Bogi yake yamaulendo ataliatali idali yotalika mafiti 61 ndi theka, pafupifupi mamita 19. Ngakhale timaitcha yamatabwa, ntchito inkayambira pa chitsulo. Amisiri ankayamba ayala felemu yachitsulo yapansi, n'kuimangira mipiringidzo kunsi kuti isawerame pakati. Felemuyo inkakhala pa timangolo tiwiri, kalikonse ka mawilo anayi, tomwe tinkatembenuka patokha sitima ikamakhota. Pamwamba pake m'pomwe akalipentala ankaimikapo nsanamira ndi mitanda ya mtengo wa teak, n'kukuta kunja ndi matabwa opyapyala a mtengo womwewo. Timizere tamatabwa tomwe timaoneka ngati tokongoletsa m'mbali mwa bogi tidali ndi ntchito: tinkatseka molumikizira matabwa kuti mvula isalowe. Denga lidali lamatabwa okutidwa ndi chinsalu chokhuthala chopakidwa penti yoyera.

Nanga bwanji teak? Mtengowu uli ndi mafuta akeake. Suwola msanga, supindika kwenikweni ukanyowa n'kuumanso, ndipo sudya chitsulo chokhomedwa m'kati mwake monga imachitira mitengo ina. M'dziko lamvula ndi utsi wamalasha ngati Britain, uwu udali mwayi waukulu. N'chifukwa chake sankaubisa ndi penti. Ankaupaka vanishi, akauma n'kuupala, n'kupakanso, mobwerezabwereza kwa masabata. Ankaikaponso manambala ndi dzina la kampani.

Koma luso lenileni lidali kunsi, komwe wokwera sayang'anako. Kuti mumvetse, taganizani za ngozi ya ku Quintinshill ku Scotland pa 22 May 1915. Sitima yonyamula asilikali idawomba sitima ina chifukwa cha kulakwitsa kwa oyang'anira zizindikiro zapanjanji, kenako yachitatu idadzawombanso zophwanyikazo. Mabogi a asilikaliwo adali akale, ambiri amatabwa mpaka felemu yapansi, ndipo nyale zake zinkayakira gasi wosungidwa m'mathanki kunsi kwake. Adaphwanyika n'kuyaka, ndipo anthu oposa 200 adafa. Mabogi otere akagundana, ina inkakwera pamwamba pa felemu ya inzake n'kulowa m'kati mwake, kusesa mipando ndi anthu omwe.

Gresley adakakamira zinthu zomwe zinkachepetsa vutoli: felemu yachitsulo, kakhonde kolimba kodutsira pakati pa mabogi, ndi cholumikizira chochokera ku America chotchedwa buckeye. Cholumikizirachi chili ngati zibakera ziwiri zachitsulo zokolana, zomwe zimagwira mabogi kuti akhale pamzere umodzi. Makampani ena a ku Britain adapitiriza kulumikiza mabogi ndi ngowe ndi unyolo wopota. Nyale nazo zidasintha kuchoka pa gasi kupita pa magetsi. Pa 10 December 1937, ku Castlecary, sitima yothamanga yochokera ku Edinburgh idawomba inzake kumbuyo kukugwa chipale chofewa, ndipo anthu 35 adafa. Idali ngozi yoopsa, komabe zolumikizira ndi mafelemu achitsulo zidathandiza kuti mabogi ambiri asalowane.

Ulemerero wa mabogiwa udafika pachimake pa 1 May 1928, pomwe sitima ya Flying Scotsman idayamba kuyenda kuchokera ku London King's Cross mpaka ku Edinburgh osaima paliponse, mtunda woposa makilomita 630, kwa maola asanu ndi atatu ndi mphindi 15. M'kati mudali malo odyera komanso chipinda chometera tsitsi. Munthu ankameta ali paulendo, atazunguliridwa ndi matabwa onyezimira.

Apa ndiye pobwerera ku funso la agogo. Teak samera ku Britain. Wambiri yemwe dzikolo linkagwiritsa ntchito ankachokera ku Burma, komwe lero timati Myanmar. Kumeneko odula ankatema mzere kuzungulira tsinde n'kuusiya mtengo uli chiimire kwa zaka ziwiri kapena zitatu kuti uume, popeza wauwisi umamira m'madzi. Ukagwetsedwa, njovu zinkaukoka mpaka kumtsinje, ndipo madzi ankautenga kupita kumadoko a Rangoon ndi Moulmein. Thabwa limodzi linkadutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri kwa zaka lisanafike kwa kalipentala wa ku York.

Nkhalangozo sizidalowe m'manja mwa a Britain mwamtendere. Mu 1885 boma la Mfumu Thibaw lidalipiritsa chindapusa kampani ya Bombay Burmah Trading Corporation pamlandu wokhudza mitengo ya teak. Britain, yomwe idali kale ndi nkhawa kuti France ikuyandikira, idapezerapo chifukwa. Mu November chaka chomwecho asilikali ake adalowa mu Mandalay, mfumu idatumizidwa ku India, ndipo pa 1 January 1886 kumtunda kwa Burma kudalengezedwa kukhala pansi pa Britain. Sindikunena kuti Gresley ndiye adayambitsa nkhondoyi. Pa nthawiyo adali mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ndikunena kuti kampani yake idatha kumanga mabogi ochuluka chotere ndi mtengo wapamwamba chifukwa nkhalango za eni ake zidali zitalandidwa kale.

Mathero ake amandiseketsa. Gresley adamwalira mu 1941, ndipo mu 1942 Japan idalanda Burma. Womulowa m'malo, Edward Thompson, adapanga mabogi okutidwa ndi chitsulo, koma opaka penti ankajambulapo mizere ya mtengo kuti azioneka ngati teak. Anthu adali atazolowera maonekedwewo moti chitsulo chidayenera kunamizira kukhala thabwa. Pofika 1951, njanji zitakhala za boma, mabogi atsopano adali achitsulo kunja konse.

Ife sitiyenera kuyenda mtunda kuti timvetse nkhani yotere. Ku Zambia njanji ya Mulobezi idamangidwa kuti izitulutsa mitengo ya mukusi, yomwe yambiri idakhala mitanda yogonekapo njanji. Kwathu kuno mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, wadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu, ndipo ulendo uno nkhwangwa zili m'manja mwathu.

Anzanga ena amati zinthu zautsamunda ngati izi n'zosayenera kuziyamikira. Ine sindikugwirizana nawo. Kalipentala wa ku Doncaster adagwira ntchito yabwino, ndipo cholumikizira chija chidapulumutsa anthu enieni. Chomwe ndikukana ndi mbiri yoyambira pachipata cha fakitale, yomwe imatchula dzina la injiniya koma osatchula woyendetsa njovu. Mabogi omwe atsala amasamalidwa ndi anthu odzipereka, ndipo ndikanakonda kuti pambali pa chikwangwani chonena chaka chomwe bogi idapangidwa pakhale china chonena za nkhalango yomwe idadulidwa. Agogo akadafika pamenepo akadasisita thabwalo n'kuyamikira mmisiri, kenako akadafunsabe funso lawo.